Vulani nsapato muone kuphazi: kutulukira khansa ya pakhungu isanazike mizu

Chimene chinatenga moyo wa achemwali anga chinayamba ngati kadontho koti ukhoza kukaphimba ndi nsonga ya chala. Kanali pansi pa phazi lamanzere, chakufupi ndi chidendene, kakuda kuposa khungu lozungulira. Eniake ankati mwina anapondapo kanthu. Sikankapweteka, choncho panalibe wodera nkhawa, kuphatikizapo ine ndemwe. Chaka chisanathe kanakula, kanayamba kuchucha timadzi n'kumadetsa sokosi, iwo n'kumangomangapo kansalu. Ndipo tsiku limene tinapita nawo kuchipatala, chinatipititsa si phazilo ayi, koma mwanabele amene anatupa m'mphechepeche osaphwa. Dokotala atangomugwira mwanabeleyo anati, "Mayi, tavulani nsapato." Anadula kachidutswa ka pabangapo n'kukatumiza kokayeza. Zotsatira zitabwera, tinamva dzina limene tinali tisanalimvepo: melanoma. Inali italowa kale m'chiwindi. Anakhala nafe miyezi 9 yokha.

Ndikulemba malangizo ano chifukwa phazi limenelo ndinaliona kambirimbiri, koma sindinkadziwa chimene ndinkaona.

Melanoma ndi khansa yoyambira m'timaselo timene timapanga mtundu wa khungu lathu. Pa mitundu ya khansa ya pakhungu, iyi siigwira anthu ochuluka ngati inzake, koma ndi imene imafulumira kufalikira m'thupi. M'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 325,000 anapezeka nayo padziko lonse, ndipo pafupifupi 57,000 anamwalira. Chomvetsa chisoni n'chakuti khansa zambiri zimabisala m'kati, m'mimba kapena m'mapapo, pomwe iyi imayambira poyera, pamene maso angaone popanda makina aliwonse.

Ganizirani za udzu m'munda. Ukangomera umazuka ndi zala ziwiri, koma ukazika mizu n'kuyanga, ngakhale khasu limavutika nawo. Melanoma yambiri imayamba ndi kuyala pamwamba pa khungu, kwa miyezi kapena zaka, kenako n'kuyamba kulowa pansi kumene kuli mitsempha. Mu 1970 dokotala wa ku America, Alexander Breslow, anaonetsa kuti chimene chimalosera bwino tsogolo la wodwala ndi kuya kwa chotupacho, osati kutambalala kwake, ndipo mpaka lero madokotala amayeza kuya kumeneku m'mamilimita. Ikachotsedwa isanalowe kupitirira milimita imodzi, anthu ochuluka zedi amachira ndi opaleshoni yaing'ono basi. Ku United States, mwa anthu 100 alionse amene imapezeka isanachoke pamalo pamene inayambira, pafupifupi 99 amakhala ali moyo patatha zaka 5. Ikafika kale m'ziwalo zakutali monga chiwindi, mapapo kapena ubongo, otsala pa nthawi yomweyo amakhala pafupifupi mmodzi mwa atatu. Kusiyana kwa magulu awiriwa nthawi zina ndi miyezi chabe ya kudikira.

Pali maganizo amene ndimakumana nawo kawirikawiri, oti khansa ya pakhungu ndi matenda a anthu akhungu loyera okha. N'zoona kuti iwo amadwala kwambiri, chifukwa khungu lawo silitchinga bwino mphamvu ya dzuwa. Mwa amuna otere imakonda kumera pamsana, mwa amayi kumiyendo. Koma khungu lakuda si chishango chathunthu. Pali mtundu wina wa melanoma umene suchita kudikira dzuwa: umamera pansi pa phazi, m'chikhatho ndi kunsi kwa zikhadabo, ndipo ndi umene umapezeka kwambiri mwa anthu akhungu lakuda. Woyimba wa ku Jamaica, Bob Marley, anamupeza nayo mu 1977 kunsi kwa chikhadabo cha chala cha kuphazi, pamalo pamene poyamba ankati anavulala posewera mpira. Anamwalira ku Miami pa 11 May 1981 ali ndi zaka 36, matendawo atafika m'mapapo ndi muubongo. Ngakhale ku United States, kumene zipatala zilipo zambiri, mwa akuda opezeka ndi melanoma amene amakhala ali moyo patatha zaka 5 ndi pafupifupi 7 mwa 10, pomwe mwa azungu amapitirira 9 mwa 10. Chifukwa chimodzi chachikulu n'chakuti akuda amafika kwa dokotala mochedwa, popeza palibe amene anawauza poyang'ana.

Tsono ntchito imene ndikukupemphani ndi iyi: kamodzi pamwezi, dziyendereni thupi lonse monga mlimi amayendera munda wake kuti aone ngati mwagwa mbozi. Sankhani tsiku losaiwalika, monga loyamba la mwezi, mukangomaliza kusamba, pamalo powala bwino. Muyambe ndi mapazi, chifukwa ndiwo amaiwalika. Khalani pansi, nyamulani phazi muliike pabondo, muone kunsi konse, chidendene ndi m'mbali mwake. Tanyulani zala muone pakati pake, chala ndi chala. Ngati msana kapena mimba sizikulolani kuwerama, ikani kagalasi pansi kapena jambulani ndi foni. Kenako zikhadabo zonse 20, ndipo amayi amene mumapaka utoto muyambe mwaupukuta. Mukatero onani zikhatho, mikono, m'khwapa, pachifuwa ndi kunsi kwa mabere, pamimba, m'mphechepeche ndi kumaliseche. Kumsana, kumatako, kuseri kwa makutu ndi m'mutu simungathe nokha. Pemphani mnzanu wa m'nyumba. Wometa kapena woluka tsitsi lanu amaona pakati pamutu panu kuposa inu, ndiye muuzeni kuti akaona chachilendo azinena. Zonsezi sizitenga mphindi zoposa 10.

Nkhalamba ndi odwala amene mukuwasamalira, muziwaona mapazi powasambitsa. Ambiri a iwo maso anachepa mphamvu ndipo sangathe kudziweramira.

Nanga mukufuna chiyani? Pafupifupi munthu aliyense ali ndi timadontho takuda pathupi, tina tobadwa nato, tina tomera ali wamng'ono, ndipo tambiri tilibe vuto. Kadontho kabwinobwino kamakhala kozungulira, ka mtundu umodzi, malire ake ooneka bwino, ndipo kamakhala chimodzimodzi chaka ndi chaka. Mu 1985 madokotala a ku New York anasonkhanitsa zizindikiro za kadontho kokayikitsa kuti aliyense azitha kuzikumbukira. Mukakadula pakati m'maganizo, mbali ziwirizo sizifanana. Malire ake amakhala okhotakhota, kapena ngati inki yomwazikira papepala lonyowa. Mitundu imasakanikirana pamalo amodzi: kwina kwakuda bii, kwina kofiirira, kwina kotuwa. Ndipo kawirikawiri kamapitirira mamilimita 6, ukulu wa kofufutira ka kumapeto kwa pensulo, ngakhale kuti melanoma ikhoza kukhala yocheperapo. Patapita zaka anawonjezapo chizindikiro chachisanu, chimene ine ndimachiika patsogolo pa zonse: kusintha. Kadontho kakamakula, kusintha mtundu, kutukuka, kuyabwa, kuchita nkhanambo kapena kutuluka magazi popanda kukakanda, musakadikire.

Dziwaninso kuti melanoma yambiri simera pa kadontho kakale, imangotulukira pakhungu pomwe panalibe kanthu. Choncho banga latsopano mwa munthu wamkulu, makamaka kuphazi, n'lofunika kuliyang'anitsitsa. Njira ina yosavuta ndi kuyerekeza: ngati timadontho tanu tonse tikufanana koma kamodzi kakuoneka kachilendo pakati pa anzake, kameneko ndiye kokaonetsa. Palinso melanoma ina yopanda mtundu wakuda n'komwe, yongooneka ngati kachotupa kofiira kolimba, kapena ngati njerewere. Yotereyi ikhoza kukula msanga, m'masabata ochepa chabe.

Maso amaiwala. Ikani rula pambali pa banga, jambulani, ndipo mwezi wotsatira mujambulenso kuwala kuli kofanana. Zithunzi zoterezi zimathandizanso dokotala. Koma ngati banga lili kale ndi zizindikiro zimene ndatchulazi, musataye mwezi mukujambula. Pitani sabata yomweyo.

Za zikhadabo ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene anthu amasokonezeka. Anthu ambiri akhungu lakuda amakhala ndi timizere tofiirira toyenda m'litali mwa chikhadabo, kawirikawiri pa zala zingapo, ndipo n'zachibadwa. Wokayikitsa ndi mzere wa pa chala chimodzi chokha, makamaka chala chachikulu cha kudzanja kapena kuphazi, umene wabwera munthu atakula kale, ukunenepa, kapena ndi wotambalala kutsinde kuposa kunsonga. Mtundu wakudawo ukatayikira pakhungu lozungulira chikhadabo, kapena chikhadabocho chikayamba kung'ambika ndi kunyenyeka, chimenecho ndi chizindikiro chachikulu. Magazi oundana obwera chifukwa chopunthwa amasiyana ndi izi: chikhadabo chikamakula iwo amasendera kunsonga, kutsinde n'kumasiya poyera. Chikhadabo cha kudzanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, cha kuphazi pang'onopang'ono kuposa apo. Banga likangokhala pomwepo chikhadabo chikukula, si magazi amenewo. Ndipo kukumbukira kuti munapunthwapo sikutanthauza kuti nkhani yatha, pakuti nthawi zina kupunthwako kumangokuonetsani chinthu chomwe chinalipo kale.

Chilonda chilichonse chimene chatha mwezi osapola, chikaonedwe. Izi zikukhudzanso khansa ina ya pakhungu, yotchedwa squamous cell carcinoma, imene mwa anthu akhungu lakuda imakonda kumera pa chipsera chakale cha moto kapena pa chilonda cha mgonagona cha pamwendo, nthawi zina patatha zaka 20 kapena 30. Chipsera chimene chinali phee zaka zonsezi chikatseguka kapena kumera kanyama, musati n'chakale chomwe chija. Odwala shuga samalani kwambiri, chifukwa melanoma ya kuphazi imatha kutengedwa ngati chilonda cha shuga n'kumangotsukidwa ndi kumangidwa miyezi yambiri.

Musadule banga ndi lezala, musaliwotche, musathirepo mankhwala onyeketsa khungu. Mukachotsa pamwamba, zam'kati zimatsala n'kumapitiriza kulowa, ndipo mwawononga chinthu chimene dokotala akanayeza. Musadikirenso ululu. Melanoma yoyamba kumene siipweteka, ndipo kusapwetekako ndi kumene kunatigoneka tulo ifeyo.

Mukafika kuchipatala nenani mwatchutchu: banga munaliona liti, lasintha bwanji, ndiponso ngati pali wachibale amene anadwalapo khansa ya pakhungu. Vulani nsapato ndi sokosi ngakhale asanakuuzeni. Njira yokhayo yotsimikizira ndi kudula bangalo, kapena kachidutswa kake, n'kukayeza ku labotale. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi ndipo sizitenga nthawi. Ena amaopa kuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa, koma kudula koyezaku sikufalitsa matenda. Akakupatsani mankhwala opaka kapena akumwa n'kutha masabata angapo popanda kusintha, bwererani, ndipo mufunse mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti, "Kodi sikungatheke kudula kachidutswa kuti kakayezedwe?" Pemphani kuti akutumizeni kwa dokotala wa khungu kapena wa maopaleshoni. Akadula, funsani tsiku lobwera zotsatira, mulilembe, mukazitenge ndithu. Kusaitanidwa sikutanthauza kuti zili bwino.

Za dzuwa ndinena mwachidule. Limaluma kwambiri kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Mthunzi, chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a mikono yaitali zimateteza kwambiri, ndipo mafuta oteteza kudzuwa akhale a SPF 30 kapena kuposa (nambala yolembedwa pabotolo yosonyeza mphamvu yake yotchinga dzuwa), opakanso pakatha maola awiri alionse komanso mukatuluka thukuta lambiri. Ana asapse ndi dzuwa mpaka kuchita matuza, chifukwa khungu limasunga kuwonongekako mpaka kuukulu. Anthu achialubino ndiwo ali pachiopsezo chachikulu zedi, ndipo khansa imatha kuwagwira akadali achinyamata. Kwa iwo chitetezo ndi cha tsiku lililonse, ndipo timalo tokhakhala ta pankhope, m'makutu, pamilomo ndi pakhosi tizionedwa ndi azachipatala pafupipafupi, tisanasanduke zilonda. Amene chitetezo cha m'thupi chinatsika nawonso akhale tcheru.

Kwa amene yawapeza itafalikira kale, zinthu sizili monga kale. Kuyambira 2011 kwabwera mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chizimenyana ndi khansayi, ndipo James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha kafukufuku amene anatsegula njira imeneyi. Mtsogoleri wakale wa United States, Jimmy Carter, anapezeka ndi melanoma m'chiwindi ndi muubongo mu 2015, analandira chithandizo chophatikizapo mankhwala oterewa, ndipo anakhala ndi moyo mpaka December 2024 ali ndi zaka 100. Koma mankhwalawa ndi okwera mtengo kwambiri, sapezeka paliponse, ndipo sagwira ntchito mwa aliyense. Achemwali anga sanawaone n'komwe.

Ngati m'banja mwanu wina anadwalapo melanoma, makolo ake, abale ake a bere limodzi ndi ana ake ali pachiopsezo chokulirapo, ndipo ayenera kuuzidwa dzina lenileni la matendawo, osati kungoti "anadwala mwendo". Ana atatu amene achemwali anasiya ndinawakhazika pansi n'kuwalembera dzinalo papepala. Mwezi wachitatu chiyambireni kudziyendera, wamkulu uja anapeza kadontho pakati pa zala za kuphazi kamene sankakadziwa. Tinapita naye m'mawa mwake. Anakadula konse, ndipo patatha masabata atatu zotsatira zinati si khansa. Anatsala ndi kachipsera kakang'ono, ndipo pa 1 mwezi uliwonse ndi iye amene amatumiza uthenga pafoni kwa tonse kutikumbutsa kuvula nsapato.