Momwe mungafufuzire pa intaneti osataya nthawi posaka zomwe munapeza kale

Nthawi yambiri ya wophunzira imathera pofunafuna nkhani yomwe anaiwona sabata yatha koma sakukumbuka kuti inali pa tsamba liti. Nchifukwa chake gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kasungidwe.

Yambirani pa tsiku lokapereka ntchito, muwerengere chobwerera m'mbuyo. Ngati muli ndi masabata 3, yoyamba ikhale yosaka, yachiwiri yowerenga ndi kulemba manotsi, yachitatu yolemba. Masiku awiri omaliza asiyeni opanda kanthu, ndi a zogwa mwadzidzidzi. Funso lanu lilembeni m'chiganizo chimodzi, mutulutsemo mawu osakira anayi kapena asanu.

Sakani pa Google Scholar, tsamba la Google losakira zolemba zamaphunziro. Mawu omwe mukufuna atuluke motsatizana atsekereni m'zizindikiro za " ", ndipo pa Google wamba kuwonjezera filetype:pdf kumabweretsa malipoti athunthu. Tsamba likakuuzani kuti mulipire, musafulumire kutulutsa ndalama. Dinani pa "All versions" pansi pa nkhaniyo, kawirikawiri wolemba amakhala ataika kope laulere pa tsamba la yunivesite yake. DOAJ (Directory of Open Access Journals) nayo ndi tsamba lomwe lili ndi majenalo aulere okhaokha. Masamba olonjeza PDF yaulere koma akufuna muyambe mwaika pulogalamu yawo, athaweni, amabwera ndi mavairasi. Ogulitsa ntchito zolembalemba nawo ndi akamberembere: pepala limodzi amagulitsa kwa anthu ambiri, ndipo Turnitin, pulogalamu yofufuza ntchito zokopera, imagwira.

Tsopano apa ndi pomwe zimavutira. Munthu amatsitsa ma PDF 20, onse n'kukaunjikana mu Downloads ndi mayina opanda tanthauzo, tsiku lolemba n'kuyamba kutsegula imodzi imodzi. Ikani Zotero, pulogalamu yaulere yosungira nkhani zomwe mwapeza, pamodzi ndi Zotero Connector pa Chrome kapena Firefox. Mukatsegula nkhani, dinani kachizindikiro kake, ndipo imasunga wolemba, chaka, mutu, DOI (nambala yozindikirira nkhaniyo pa intaneti) komanso PDF ngati ilipo. Koma yang'anani zomwe yasungazo nthawi yomweyo tsambalo lisanatsekedwe. Pa masamba a nyuzi ndi malipoti a mabungwe chaka chimasowa kawirikawiri, ndipo dzina la bungwe likhoza kudulidwa ngati la munthu, World Health Organization n'kusanduka "Organization, W. H." Sinthani bokosi la wolemba likhale limodzi m'malo mwa awiri (la dzina loyamba ndi la dzina la bambo), vutolo limatha.

Malo aulere omwe Zotero imapereka pa intaneti ndi 300 MB, ndipo ma PDF amawadzaza msanga. Musafulumire kugula ena. Mu Zotero, zimitsani kutumiza mafayilo pa intaneti, musiye kutumiza mayina ndi manotsi okha, zomwe zilibe malire, kenako ma PDF muwakopere ku Google Drive komwe kuli 15 GB yaulere. Kukopera, osati kusamutsa: foda yaikulu ya Zotero musaiike mkati mwa Drive kapena Dropbox, chifukwa mapulogalamu awiri akamalemba pa fayilo imodzi nkhokwe yonse ikhoza kuwonongeka.

Manotsi nawo ali ndi msampha wake. Mukakopera mawu a wolemba, atsekereni m'zizindikiro pompo ndi kulemba nambala ya tsamba, ija yosindikizidwa pa pepala, osati yomwe pulogalamu yowerengera ikuwonetsa pamwamba. Nambala ziwirizi zimasiyana, makamaka m'majenalo. Mukapanda kutero, pakapita sabata simudziwanso kuti mawu anu ndi ati, ndipo kubera kosadziwa kumayambira pamenepo.

Powerenga, tsatirani njira ya Pomodoro: mphindi 25 pa nkhani imodzi, mphindi 5 zopuma, foni ili kutali. Mukawona buku lina losangalatsa latchulidwa, lembani dzina lake pambali, mudzalisake tsiku losaka.

Kulembako n'kosavuta. Zotero imalowa mu Word ndi Google Docs, sankhani kalembedwe kotchulira mabuku, kaya APA kapena komwe aphunzitsi anu akufuna, mndandanda wa mabuku udzituluka wokha. Uwerengeni kamodzi musanapereke.