Momwe mungatsitsire njinga yamoto ya maulendo ataliatali posintha ma link pakhomo panu

Njinga zamoto za maulendo ataliatali amazipanga zazitali msinkhu. Chishalo cha Suzuki V-Strom 650 ya masiku ano chili pa 835 mm kuchokera pansi, pomwe cha Kawasaki KLR650 yakale ija chimafika 890 mm. Munthu wa msinkhu wanga ukaima nayo pamphambano umangogunda pansi ndi nsonga za zala, ndipo ukakweza mayi akunyumba kumbuyo, zikwama zili mbali zonse ziwiri, mtima sukhala m'malo. Ine inandigwetsa ndili chiimire, pamalo othirira mafuta pomwe simenti inali yopendekeka pang'ono. Phazi lamanzere linafuna pansi koma silinafike, makilogalamu oposa 200 n'kugona chammbali. Sabata yomweyo ndinaitanitsa ma link otsitsira.

Ntchitoyi mukhoza kuigwira nokha pakhonde masana amodzi. Koma ma link akalowa, ntchito imakhala yangofika pakati, ndipo ambiri amalekera pomwepo.

Yambani mwagwada n'kusuzumira pansi pa njinga, kutsogolo kwa tayala lakumbuyo. Ngati njinga yanu ili ndi shoko imodzi pakati, muona kuti kumunsi kwa shokoyo kwamangidwa pa kachitsulo kokhala ndi mabowo atatu, kamene amakaniko amati rocker. Kuchokera pa rocker kupita pa swingarm, mkono wachitsulo wogwira tayala lakumbuyo, pali tizitsulo tiwiri tathyathyathya, kena uku kena uko, kalikonse kali ndi bowo kunsonga zonse ziwiri. Amenewo ndiwo ma link. Pa V-Strom ndi KLR, link ikatalika njinga imatsika, ndipo mamilimita ochepa chabe pa link amatsitsa chishalo kwambiri kuposa pamenepo. N'chifukwa chake sindivomereza zokasulitsa tizitsuloti kwa wowotcherera poyerekeza ndi maso. Mabowo akasiyana ndi milimita imodzi yokha, link imodzi imasenza katundu yense, ndipo ikaduka muli pa liwiro kumbuyo konse kumakhalira tayala. Gulani opangidwira mtundu ndi chaka cha njinga yanu, kwa opanga odziwika monga KoubaLink a ku America kapena Lust Racing a ku Britain. Njinga za kabaza zokhala ndi mashoko awiri m'mbali zilibe ma link konse, chimodzimodzinso njinga zina zazikulu zomwe shoko yake inamangidwa mwachindunji pa swingarm. Eni ake a zimenezo nkhani iyi siyawo.

Nanga mutsitse ndi zingati? Ambiri amagulitsa otsitsa 20 mm, 25 mm, 30 mm, ena mpaka 40 mm. Kwa woyenda misewu yakwathu, ine ndimati musapitirire 25 mm. V-Strom 650 ili ndi mpata wa pafupifupi 170 mm pakati pa mimba yake ndi msewu, ndipo fyuluta ya oilo ndi paipi ya utsi zili pamtetete kutsogolo kwa injini. Ganizirani mahampu a m'matauni a mu M1, kapena miyala ya msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba. Milimita iliyonse imene mwapatsa phazi lanu mwailanda kumimba kwa njinga. Ngati mukungosowa pang'ono, pitani kaye kwa wokonza mipando akasepule siponji ya chishalo, makamaka m'mbali mwake kutsogolo. Nthawi zina zimenezo zokha zimakwana.

Zida ndi miyeso

Mufunika masipanala ndi masoketi, pa njinga za ku Japan kawirikawiri 14 ndi 17, chitsulo chachitali chomasulira manati ouma, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira nati, mu muyeso wa Nm), girisi wosasungunuka ndi madzi, palafini pang'ono, nsalu zoyera, tepi yoyezera, choko, thabwa lolimba lotalika mita imodzi ndi kachipika. Torque wrench ngati mulibe, bwerekani. Pezaninso mnzanu, chifukwa pali malo amodzi pomwe manja awiri sakwana.

Musanakhudze nati iliyonse, yezani zinthu zitatu n'kulemba papepala. Matani katepi pa pulasitiki yakumbuyo molunjika pamwamba pa ekiselo, muyeze kuchokera pakati pa ekiselo kufika pa katepiko, koyamba tayala lili m'mwamba, kachiwiri inu mutakhala pachishalo. Yezani kutalika kwa mapaipi a foloko omwe atulukira pamwamba pa chomangira chake pafupi ndi mahandulo. Kenako imikani njinga mamita asanu kuchokera pakhoma, khalanipo, yatsani nyali, mnzanuyo alembe ndi choko pomwe kuwala kwalekezera. Lembaninso pansi pomwe tayala lakutsogolo laima. Mizere imeneyi mudzaifuna kumapeto.

Kuchotsa akale

Gwirani ntchitoyi pa simenti yosalala, osati pamchenga. Njinga ikadali pansi, gwedezani manati awiri a ma link kuti angomasuka pang'ono, chifukwa mukalimbana nawo njinga ili pa jeki mukhoza kuigwetsa. Ndiye ikwezeni pa sitandi yapakati. Ngati ilibe, ikani jeki pansi pa fulemu, osati pa paipi ya utsi kapena pa fyuluta, ndipo mumangirire njinga ndi zingwe kumtanda wa denga kapena pamzati. Mangani buleki yakutsogolo ndi mphira kuti tayala lisagubuduzike. Sitandi ija yokwezera pa swingarm apa sithandiza, chifukwa imasiya kulemera konse pa ma link omwe mukufuna kuchotsawo.

Jambulani chithunzi ndi foni mbali zonse ziwiri, kuti mudzakumbukire mbali yomwe bawuti aliyense analowera ndi pomwe panali washala.

Tsopano apa ndi pomwe pagona ntchito yonse. Tayala likalendewera m'mwamba, kulemera kwake ndi kwa swingarm kumapanikiza ma link, bawuti n'kukanirira ngati wawotchereredwa. Mukalikankhira m'mwamba kwambiri, shoko imayamba kukankha, bawuti n'kukaniranso. Pakati pa ziwirizi pali kamalo kamodzi komwe palibe chokoka kapena chokankha, ndipo pamenepo bawuti amatuluka ndi zala. Lowetsani thabwa pansi pa tayala, kachipika kakhale pansi pa thabwalo ngati mtsamiro, mnzanu aziponda nsonga inayo pang'onopang'ono. Inu chotsani nati, gwirani mutu wa bawuti n'kumaupotokola. Mudzamva wafewa mwadzidzidzi. Nenani kuti "gwira pompo", n'kumusolola.

Hamala isayandikire. Ine ulendo woyamba ndinamenya, ndipo bawuti anatuluka pamodzi ndi kachubu kachitsulo komwe amadutsamo. Kuseri kwa kachubuko kuli belingi ya timasingano, tizitsulo tating'ono ngati mpunga, ndipo pa njinga zambiri timangogwiridwa ndi girisi basi. Tanga tinali touma, tinayoyokera pansi. Ndinatha ola lathunthu ndili chogwada ndi maginito, kuwerenga kamodzikamodzi, mtima uli phaphapha kuopa kuti kamodzi kasowa. Kuyambira tsiku limenelo ndimayala nsalu yoyera pansi pa njinga ndisanayambe.

Mukachotsa bawuti woyamba, tsitsani tayala pang'onopang'ono likhale pathabwa, kenako chotsani wachiwiri. Ma link akale agwera m'manja mwanu. Agonekeni pamwamba pa atsopano, bawuti alowe m'bowo limodzi la onse, muone kusiyana kwake. Atsopano awiriwo akhale ofanana ndendende, mabowo ake akhale a kukula kofanana ndi akale.

Poti mwatsegula kale, musathamange. Kankhani kachubu kalikonse ndi chala mpaka theka, muone mkati. Mafakitale amaumira girisi pamalo amenewa, ndipo njinga yomwe yawoloka madzi a dzinja kangapo imakhala ndi dzimbiri lofiira pamenepo. Pukutani kachubu ndi palafini, kaume, muyendetsepo chikhadabo. Ngati chikukodwa m'timizere, kachubu ndi belingi zatha, musinthe musanabwezeretse. Ngati n'kosalala, pakani girisi wambiri pa timasingano ndi chala, mopanikiza kuti tisagwe, pakaninso pa timphira totchinga fumbi, n'kubwezera kachubu mokhotetsa pang'onopang'ono.

Kulowetsa atsopano

Onani ngati ma link atsopano ali ndi chizindikiro cha kumwamba kapena kutsogolo. Ena ndi okhota, ena ali ndi kabowo kopopera girisi komwe kayenera kuloza komwe mungakafikire. Pakani girisi wochepa pathupi la bawuti, koma mazinga ake akhale ouma. Lowetsani bawuti woyamba kudutsa link, kachubu ndi link inayo, nati ingogwira ndi zala.

Bowo lachiwiri silidzalunjika, ndipo musadabwe. Ma link ndi aatali tsopano, choncho tayala liyenera kukwera kuposa pomwe linali. Mnzanu apondenso thabwa, inu diso lili pabowo ndi tochi. Mabowo akakumana, bawuti amalowa ndi chala chachikulu. Akakana, musamukakamize ndi sipanala, mungaphwanye mazinga kapena kukankha kachubu. Kwezani kapena tsitsani tayala pang'ono, muyesenso.

Mangani ndi torque wrench molingana ndi buku la njinga yanu. Pa V-Strom 650 manati amenewa amafuna 78 Nm, koma nambala imeneyi musaitengere pa njinga ina. Manati ambiri apa ndi odzitsekera okha. Ngati yanu ikuyenda ndi zala mpaka kumapeto osalimba, yatha mphamvu, ikani yatsopano. Mukamaliza, lembani kamzere ka penti kuchokera pa nati kufika pa link, kuti ikadzayamba kumasuka mudzaone ndi maso. Gwirani tayala ndi manja awiri, mulikweze ndi kulitsitsa. Pasamveke kugogoda, ndipo link isakhule paipi ya utsi, sitandi kapena tcheni.

Zotsala, zomwe ambiri amaziiwala

Tsitsani njinga, khalanipo. Mapazi afika, ndipo mudzasangalala. Koma kumbuyo kwatsika kutsogolo kuli pomwe kunali, ndiye njinga yakhala ngati yatsamira chagada. Pamsewu imachita ulesi pokhota, imafuna kupita panja pa kona, ndipo tayala lakutsogolo limapepuka, makamaka mukanyamula katundu. Mankhwala ake ndi kutsitsanso kutsogolo polola mapaipi a foloko atulukire m'mwamba pang'ono.

Bwezerani njinga pa sitandi yapakati, jeki ichirikize kutsogolo. Chitani mbali imodzi imodzi. Masulani mabawuti ogwira paipi imodzi pamwamba ndi pansi, ikankhireni m'mwamba, yezani, mangani, kenako inayo. Mukamasula zonse nthawi imodzi, njinga imatsetserekera pansi mpaka kukhalira madigadi. Yambani ndi 10 mm, mbali zonse zifanane. Sikofunika kufananitsa ndi mmene mwatsitsira kumbuyo, chifukwa malire ake amaikidwa ndi mpata womwe ulipo: foloko ikabonyera mpaka pamapeto, madigadi akutsogolo asagunde chomangira chapansi cha foloko, ladiyeta kapena mapaipi a buleki, ndipo pa njinga za mabuleki a ABS mapaipiwo amadutsa pafupi kwambiri. Mabawutiwa muwamange ndi torque wrench molingana ndi buku la njinga yanu. Pindani mahandulo mbali zonse, muone kuti nsonga za foloko sizikugunda kanthu ndipo mawaya sakukokeka.

Sitandi yam'mbali tsopano yatalika. Njinga imaima chilili, moti kamphepo kapena mwana woitsamira akhoza kuigwetsera kumanja. Ngati ndi yachitsulo, ichotseni panjinga, chotsaninso kaswitchi kake, wowotcherera adule pang'ono chapakati n'kulumikiza ndi kachitsulo mkati. Dulani mochepa, muyese, chifukwa chodulidwa sichibwerera. Musalole kuti aiwotcherere ili panjinga, magetsi a makinawo akhoza kupsereza kompyuta ya injini. Ngati ndi ya aluminiyamu, gulani yaifupi. Sitandi yapakati nayo idzayamba kulemera pokweza. Kathabwa kopyapyala pansi pa tayala lakumbuyo kamachepetsa vutolo.

Yezaninso tcheni, chifukwa swingarm yasintha kaimidwe. Buku la V-Strom 650 limafuna kuti isewere 20 mpaka 30 mm njinga ili pa sitandi yam'mbali. Mukatsitsa, khalani chakumtunda kwa muyesowo, kufupi ndi 30 mm. Tcheni yothina imadya masipuloketi ndi belingi ya giyabokosi.

Kenako shoko. Ma link aatali kawirikawiri amachititsa kuti sipuling'i imveke yofewa. Yezaninso kuchokera pa ekiselo kufika pa katepi kaja, tayala lili m'mwamba komanso mutakhalapo ndi katundu amene mumayenda naye. Kusiyana kwake kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mtunda wonse umene tayala limatha kuyenda. Kukaposa, limbitsani sipuling'i. V-Strom ili ndi chopotokola chake cham'mbali chosafuna sipanala. Pakani choko kunsi kwa madigadi akumbuyo, pamwamba pa tayala. Ngati chokocho chafufutika mukabwera koyenda, tayala likugunda, ndipo muyenera kulimbitsabe kapena kubwerera ku ma link otsitsa pang'ono.

Madzulo bwererani pakhoma paja, tayala liime pa mzere wake. Kuwala mudzakupeza kwakwera, ndipo usiku kumathobwa m'maso madalaivala obwera kutsogolo. Potokolani chosinthira nyali mpaka kubwerere pa choko, kapena pansi pake pang'ono poti njinga yonse yatsika.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, muli nokha, mumsewu womwe mumaudziwa. Kwerani hampu pang'onopang'ono khutu lili kumimba kwa njinga, ndipo pokhota kumbukirani kuti zopondera zayandikira phula. Mukabwerako onani timizere ta penti tija, mudzaonenso mukayenda makilomita 100. Ma link akale apukuteni, muwakulunge m'nsalu ya oilo pamodzi ndi pepala la miyeso lija, muwasunge. Wodzagula njingayo akhoza kukhala wamtali.