Kumanga nyumba yosazizira ku Mulanje ndi ku Thyolo: ndalama ziyambire pati

Kuzizira kwa kuno n'kwa chinyontho. Chiperoni akabwera mu Juni ndi Julayi, mvula yowaza imatha masiku angapo, makoma amamwa madzi, zovala m'chipinda zimachita chuku. Nyumba yonyowa siitenthetseka, ngakhale mugule hita yamphamvu bwanji. Choncho zotenthetsera ziganiziridwe pamodzi ndi maziko ndi denga, pulani ikadali papepala.

Powerengera, lembani kuchuluka kwa zipangizo, mitengo ibwere pambuyo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti zolembedwa m'makwacha zinasanduka zopanda ntchito, koma chiwerengero cha matumba a simenti sichinasinthe. Tengani nyumba ya mamita 8 ndi 10. Konkire ya pansi yokhuthala masentimita 10, yosakaniza simenti 1, mchenga 3, kwale 6, imadya matumba pafupifupi 35 a makilogalamu 50. Malintala amafuna konkire yolimba, ya simenti 1, mchenga 2, kwale 4. Khoma la mzere umodzi wa njerwa limatenga njerwa 50 mpaka 60 pa sikweya mita, la mizere iwiri kuwirikiza, ndipo mabuloko a simenti ndi 12 kapena 13. Onjezani njerwa 10 pa 100 zilizonse chifukwa zina zimasweka potsitsa. Musaiwale thiransipoti: kumapiri a Thekerani kapena Masambanjati, galimoto yonyamula mchenga ikhoza kudula kuposa mchengawo. Pamwamba pa zonse sungani 15 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo mmisiri muzimulipira gawo likatha: maziko, lintala, denga.

Ngati njerwa mukuumba nokha, dikirani Ogasiti mpaka Okutobala. Zoumba mu Juni sizichedwa kusungunuka ndi chiperoni zisanalowe mu uvuni.

Pa maziko m'posayenera kuumira. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa poyera kuopsa komanga m'mphepete mwa mitsinje yotsika m'phiri ndi m'njira za madzi. Sankhani malo okwera, kwezani maziko masentimita 30 mpaka 45 kuchoka pa nthaka, ndipo amangidwe ndi simenti, osati dothi. Thirani mankhwala a chiswe, yalani pepala lakuda la pulasitiki pansi pa konkire yonse, lina pamwamba pa maziko khoma lisanayambe. Pepalali likasowa, madzi amakwera m'njerwa, pulasitala amafufuma n'kuyoyoka m'munsi mwa khoma, pansi pamakhala pozizira chaka chonse. Konkire ithiriridwe madzi masiku 7. Kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi.

M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, pomwe mphepo ya chiperoni imachokera kum'mwera chakum'mawa. Mawindo aakulu a pabalaza ndi a kuchipinda ayang'ane kumpoto. Mbali yomwe mphepo imawomba ikhale ya bafa, sitolo ndi mawindo aang'ono. Izi sizidya tambala, bola zinenedwe zikhomo zisanakhomedwe. Denga lituluke masentimita 60 kuti mvula isamenye khoma.

Malata opanda siling'i ndiwo amataya kutentha kwambiri. Usiku amachita thukuta, m'mawa madontho n'kumagwera pabulangeti. Ndalama zikachepa, matailosi adikire, siling'i atsogole, ngakhale m'zipinda zogona zokha.

Tsopano chotenthetsera chenicheni. Malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni ndi amene amayenera kuno, makamaka ngati muli ndi bulugamu wanu. Amangidwe pa khoma la m'kati, pakati pa balaza ndi chipinda, kuti njerwa zikatentha zifunditse mbali zonse ziwiri. Pa khoma lakunja kutentha kwina kumathera pabwalo. Kamwa la masentimita 60 ndi 60 limafuna njira ya utsi ya pafupifupi 20 ndi 20. Ikachepa, utsi umabwerera m'nyumba. Chumuni chipitirire nsonga ya denga ndi masentimita 60, chifukwa chachifupi mphepo imachipondereza. M'kati mofika moto mumangidwe ndi njerwa zopsa bwino ndi dothi la pachulu, poti simenti imang'aluka ndi moto. Matabwa a denga asakhudze chumuni, ndipo pomwe chaboola malata pamatidwe bwino, apo ayi mvula yoyamba idzatsika ndi khoma. Nkhuni za bulugamu zidulidwe miyezi ingapo nthawi yozizira isanakwane. Zaziwisi zimangofuka n'kudzaza mwaye m'chumuni.

Hita yamagetsi ndi yotchipa pogula koma yodula poyendetsa: ya 2 kW ikayaka maola 5 yadya mayunitsi 10, ndipo magetsi a ESCOM akazima nayo yazima. Giza (thanki yotenthetsera madzi osamba) ya malita 150 imafuna mayunitsi pafupifupi 8 kuti madzi ozizira atenthe, komanso waya ndi buleka yakeyake. Ya sola imabweza ndalama zake, koma pa chiperoni dzuwa limasowa, ndiye gulani yokhala ndi elementi yamagetsi yothandizira, iyang'ane kumpoto, ndipo uzani kalipentala msanga kuti alimbitse denga, chifukwa thanki yodzaza imapitirira makilogalamu 200.

Mbaula ya makala isagone m'chipinda, ngakhale kuzizire chotani. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo, wosaoneka, umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo nyumba yatsopano ya siling'i ndi mawindo otseka bwino imausunga kuposa nyumba yaudzu. Othani moto wa makala pakhonde kapena m'khitchini motsegula, ndipo timabowo tolowetsa mpweya pamwamba pa mawindo musatitseke ndi nsanza.