Kusamutsa mafayilo akuluakulu pogwiritsa ntchito seva

Ngati fayilo ya 8 GB ili pa Dropbox ndipo mukuifuna pa Google Drive, musaitsitsire pa laputopu yanu. Bandulo ya Econet kapena NetOne idyedwa kawiri, potsitsa ndi pokweza, ndipo ZESA ikazimitsa magetsi ntchito ili pakati, ndiye kuti kuyambiranso. Isiyireni seva ntchitoyi, inu muzingoituma.

Lendani VPS, kompyuta ya pa intaneti yogwira ntchito ngati seva yanu, yokhala ndi Ubuntu. RAM ya 1 GB ikukwana. Choti muonetsetse ndi kuchuluka kwa data imene amakulolani pamwezi. Seva ya ku Johannesburg imayankha msanga mukakhala kuno ku Harare.

Kale anthu ankadalira Rapidleech, skripiti ya PHP yokokera mafayilo pa seva, imene inatchuka m'masiku a Megaupload ndi RapidShare. Megaupload inatsekedwa mu 2012, RapidShare mu 2015, ndipo mapulagini a Rapidleech ankafa nthawi iliyonse eni webusaiti akasintha tsamba lawo. Lero pulogalamu ya rclone ndiyo yodalirika, chifukwa imalowera pa API, khomo limene eni ake anakonzera mapulogalamu.

Lowani mu seva kudzera pa SSH, njira yoilamulira muli patali, lembani sudo apt install rclone tmux, kenako rclone config. Apa ndi pamene ambiri amakakamira: seva ilibe browser. Ikakufunsani zotsegula browser yankhani n, ikupatsani lamulo loyamba ndi rclone authorize. Liyendetseni pa laputopu imene ilinso ndi rclone, lolezani akaunti, nambala yachinsinsi imene ituluke muimate pa seva. Teroni pa Dropbox ndi pa Drive pomwe, muziwapatsa maina akuti dropbox ndi drive.

Tsegulani tmux, pulogalamu yosunga ntchito ikuyenda inu mutachoka, musanayambe, ndiye lembani rclone copy dropbox:Mavidiyo drive:Mavidiyo -P. Dinani Ctrl+b kenako d, mutseke laputopu. Magetsi apite, netiweki idule, seva ikukokabe. Mukabwera lembani tmux attach. Koma copy musaisokoneze ndi sync. Sync imafufuta chilichonse cha mufoda yolandira chimene kulibe kochokera, ndipo sifunsa.

Kukokera fayilo pa seva kuchokera pa linki wamba kumafuna wget -c basi. Ya Dropbox musinthe dl=0 kukhala dl=1. Fayilo yaikulu ya pa Google Drive imayamba yaonetsa tsamba lochenjeza kuti sinaunikidwe mavairasi, choncho wget imasunga tsambalo. Mukaona ls -lh ikunena 3K pamene mumayembekezera magigabaiti, mwatsitsa HTML.

Amene ali ndi shared hosting yokha, malo a webusaiti pa seva yogawana ndi ena, angalembe skripiti ya PHP, koma apewe file_get_contents. Imeneyi imaunjika fayilo yonse mu memory, pamene memory_limit kawirikawiri ndi 128M. Gwiritsani ntchito cURL ndi CURLOPT_FILE kuti izilemba pa disiki pang'onopang'ono, komanso CURLOPT_FOLLOWLOCATION chifukwa malinkiwa amalozera kwina. Skripitiyo muiyendetse ndi cron, chida choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, chifukwa pa browser Nginx, pulogalamu yotumikira webusaiti, ikadikira masekondi 60 osamva kanthu imabweza 504. Ikani pasiwedi pa skripitiyo, ndipo foda yolandirira ikhale kunja kwa public_html; apo ayi wina adzakokeramo fayilo yake ya .php n'kulanda seva. Makampani ambiri a hosting salolanso zoterezi, werengani malamulo awo kaye.

Drive imalola kukweza 750 GB patsiku pa akaunti imodzi. Pomaliza yendetsani rclone check ndi --download, poti Dropbox ndi Drive sawerengera hash, chidindo cha zimene zili m'fayilo, mofanana, ndipo popanda zimenezi rclone imangoyerekeza kukula kwa fayilo.

Fayiloyo mukaifuna m'manja kuno, data yotsitsira mulipira ndithu. Ngati ili pa seva, ikokeni ndi rsync -P, kuti ikaduka ipitirize pamene inalekezera.