Pikapu yakale ikakana kulira, musathamangire kugula batire

Amene muli ndi ma Hilux akale a dizilo, a injini ya 2L kapena 3L aja, yesani izi musanaitane makaniko.

Yatsani nyali zakutsogolo, wina apotokole kiyi inu mukuyang'ana. Nyali zikazilala kwambiri, sitata n'kungomveka kuti "ke-ke-ke", musafulumire kunena kuti batire yatha. Nthawi zambiri vuto limakhala pa mitu ya batire. Zoyera zonga ufa zija zimatchinga moto. Masulani mitu yonse, kuyamba ndi wa negative, mutsuke ndi madzi ofunda osakaniza soda wophikira, mupale ndi sanipepa mpaka iwale, mumange mothina. Musaiwale waya wa earth, wolumikiza mbali ya negative ku injini. Ambiri sauyang'ana, pomwe ukachita dzimbiri ngakhale batire yatsopano siithandiza. Ine ndinagulapo batire pachabe chifukwa cha kawaya kameneka. Ngati muli ndi mita yoyezera moto, batire yodzaza imawerenga ma volts pafupifupi 12.6.

Nyali zikakhala zowala bwinobwino koma sitata ili chete, igogodeni pang'ono ndi sipanala wina akupotokola kiyi. Ikalira, mwina mabulashi a m'kati mwa sitata atha, mukasinthe.

Injini ikamazungulira koma osagwira, makamaka mutathetsa dizilo pamsewu, mwina mpweya walowa m'mapaipi a dizilo. Pamwamba pa fyuluta ya mafuta pali kapampu. Kapopeni ndi dzanja mpaka kalimbe.

M'mawa wozizira wa June ndi July, tsegulani kiyi, dikirani kanyali ka ma heater (otenthetsa injini isanalire) kazime, mubwereze kawiri, kenaka muilize.