Zinyalala za ku Likoma, muyambire apa

Achemwali, mwafunsa kuti inu muli kuno ku Mufakose mu Harare mungawathandize bwanji amayi ku Likoma poti pagombe padzadza majumbo ndi mabotolo. Kuno timadandaula galimoto yotenga zinyalala ikachedwa koma imabwerabe nkukataya ku mtaya wa ku Pomona, pachilumba kulibe zimenezo, chilichonse chotsika mu Ilala chimakhalira pompo.

Choyamba ndi katundu amene mumatumiza uja. Chotsani mapepala ndi majumbo osafunika musanapakire, shuga ndi sopo ikani mu chidebe chotsekera chomwe akatungiremo madzi, ndipo amayi popita ku msika wa Mbamba azitenga dengu. Majumbo opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) ndi oletsedwa kale ku Malawi, ngakhale amapezekabe.

Kenako amayi azisiyanitsa zinyalalazo. Makoko a chinangwa, phulusa, masamba, matumbo a nsomba, zonsezo mu dzenje lakelake, azithira dothi pamwamba kuti ntchentche zisachuluke, pakatha miyezi ingapo ndi manyowa, ndipo dothi lamchenga la kumeneko limawafuna kwabasi.

Mabotolo a pulasitiki aphwanye ndi phazi, mu thumba, akadzadza akwere sitima kupita ku Nkhata Bay. Mabatire a tochi padera, asaponye m'nyanja ayi, madzi omwewo ndi akumwa. Pulasitiki asawotche, utsi wake umalowa m'chifuwa.

Za pagombe akambe ndi amfumu asankhe tsiku losesa, ngati Lachisanu loyamba la mwezi lomwe timachita kuno lija, asodzi nawonso azibwera ndi maukonde awo ong'ambika.