Momwe mungakhalire, kugwira ganyu ndi kuyenda ku Ulaya muli pasukulu ku Germany

Chibwerereni kuno ku Salima, achinyamata akandipeza pa Kamuzu Road mafunso awo ndi omwewomwewo: kumeneko munthu amakhala bwanji, ganyu amapezeka, nanga n'zoona kuti ungapite ku Paris pa basi? Ndaganiza zongolemba kamodzi kuti aliyense adziwerengere. Za kupeza malo pa yunivesite ndi kufunsira visa ndizilumpha, poti amene wafika poganiza zonyamuka anazifufuza kale.

Yambani ndi ndalama. Ngati mulibe sikolashipu, monga ya DAAD, bungwe la ku Germany lopereka masikolashipu, boma la Germany limafuna umboni woti mudzadzidyetsa chaka chathunthu. Ndalamazo zimaikidwa mu akaunti yotsekedwa, yomwe amaitcha Sperrkonto. Kuyambira September 2024 zinafika pa 11,904 euro, ndipo mwezi uliwonse amakutulutsirani 992 euro basi. Mayunivesite ambiri aboma alibe fizi, mumangopereka ndalama ya semesita, koma m'chigawo cha Baden-Württemberg ochokera kunja kwa EU amalipira 1,500 euro semesita iliyonse. Muwerengetse bwino musanasankhe mzinda. Ndi mmene forex ikuvutira, ndipo tonse tikukumbukira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, yambani kuyenda kubanki kudakali miyezi yambiri. Anyamata a pa Facebook amene amati "tipatseni kangachepe tikukonzereni mapepala a kubanki" muwathawe. Adya ndalama zanu, ndipo chinyengocho chikadziwika dzina loipa ndi lanu, osati lawo.

Tsopano nkhani ya nyumba, ndipo pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ine ndinaona zakuda.

Kwathu kuno ukapangana ndi alandilodi umangolowetsa katundu, nkhani yatha. Ku Germany lamulo limati ukalowa m'nyumba ukalembetse adiresi yako ku ofesi ya mzinda, Bürgeramt, pasanathe masiku 14. Kulembetsako ndi Anmeldung. Kuti akulembe, uyenera kupita ndi pepala losainidwa ndi amene wakupatsa nyumbayo, lotchedwa Wohnungsgeberbestätigung. Dzina ndi lalitali koma pepalalo ndi limodzi lokha, ndipo lili ngati chingwe cha ukonde: chikaduka, zonse zimamasuka.

Ine ndinapeza chipinda pa intaneti kwa wophunzira wina amene ankachoka kwa kanthawi. Chipinda chabwino, chotentha, tramu, kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda, ikuima pafupi pomwepo. Ndinalipira, ndinalowa, n'kugona tulo tabwino. Nditapempha pepala lija anayamba kuzembazemba, lero mawa, lero mawa. Pamapeto pake anandiuza zoona: mwini nyumba sankadziwa n'komwe kuti chipindacho wabwereketsa, ndiye kusaina kukanamuulula.

Apa mavuto anayamba kubwera mondondozana. Popanda Anmeldung, nambala ya msonkho, Steuer-ID, sibwera, chifukwa amaitumiza pa positi ukalembetsa adiresi. Popanda nambalayo mabwana ena amakubweza, ena amakulemba koma msonkho amadula wapamwamba zedi. Banki imene ndinapitako inafunanso pepala la Anmeldung. Choopsa kuposa zonse, ofesi ya alendo, Ausländerbehörde, siyamba kukonza chilolezo chako chokhalira m'dzikomo usanalembetse adiresi, pomwe visa ya mu pasipoti ikungotha. Inali nyengo yachisanu, mdima ukugwa cha m'ma 4 koloko masana, ine ndili ndi foda ya mapepala m'manja, zala zitauma gwa, ndikuzungulira maofesi. Anthu ake sankandikalipira ayi. Ankangotsegula foda, kuona kuti pepala limodzi palibe, n'kundibwezera mwaulemu. Ndinapulumuka nditasamukira kwina, kutali ndi sukulu komanso kodula, ndipo gawo la dipoziti yanga silinabwerenso.

Ndiye abale anga, musanatumize ngakhale euro imodzi, funso loyamba likhale lakuti: Anmeldung ndi yotheka? Malonda a chipinda akalemba kuti "ohne Anmeldung", kutanthauza popanda Anmeldung, dutsani, ngakhale mtengo utakoma chotani. Tsiku lomwe kalata yokulandirani pasukulu yafika, tsiku lomwelo funsirani chipinda ku nyumba za ophunzira za Studierendenwerk. Ndi zotchipa, mapepala ake ndi olongosoka, koma mzere wake ndi wautali. Mukafuna kukhala ndi anzanu m'nyumba imodzi, ambiri amayang'ana pa webusaiti ya WG-Gesucht. Pomwepo palinso akathyali: wina amati ali kunja kwa dziko, mutumize ndalama ndipo makiyi abwera pa positi. Makiyiwo sabwera. Dipoziti mwalamulo sipitirira lendi ya miyezi itatu, wina akatchula zoposa apo dziwani kuti pali kanthu.

Kanthu kena kakang'ono kamene palibe amakuuza: mukalowa, matani dzina lanu pa bokosi la makalata pakhomo. Wapositi akapanda kuona dzinalo kalata imabwerera komwe yachokera, ndipo nambala ya msonkho, khadi ya banki ndi khadi ya inshulansi yachipatala zonse zimadzera m'bokosi limenelo. Ine ndinalemba pa kapepala ndi bolopeni n'kumata ndi selotepi, zinakwanira. M'bokosi momwemo mudzapezanso kalata ya ndalama ya wailesi ndi TV, 18.36 euro pamwezi pa nyumba iliyonse. Musaitaye, gawanani ndi amene mukukhala nawo.

Mapepala akakwana, ganyu alipo. Kuyambira March 2024 wophunzira wochokera kunja kwa EU amaloledwa masiku athunthu 140 pachaka, kapena matheka a tsiku 280. Ntchito yothandiza aphunzitsi pa yunivesite siwerengedwa m'masiku amenewa, ndiye ikapezeka igwireni ndi manja awiri. Mu 2025 malipiro otsikitsitsa anali 12.82 euro pa ola. Ambiri timayambira kumalo osungira katundu, kutsuka mbale m'malesitanti kapena kusanja katundu m'mashelefu m'sitolo, ndipo palibe chamanyazi. Sukulu ili mkati musapyole maola 20 pa sabata. Bwana wofuna kukulipirani pamanja popanda kontirakiti mukaneni, chifukwa mukagwidwa chimene chili pachiswe ndi chilolezo chanu. Ndinenenso mosabisa kuti ganyu wa wophunzira ndi wothandizira lendi ndi chakudya. Auzeni akumudzi kudakali kano kuti malata a nyumba adikire kaye, chifukwa ndinaona anzathu akulephera mayeso pofuna kukondweretsa aliyense. Phunziraninso Chijeremani ngakhale maphunziro anu ali m'Chingerezi, ntchito zabwinoko zimafuna chimenecho.

Za kuyenda ndi zosavuta. Chilolezo chanu chimakulolani kucheza m'mayiko ena a Schengen, gulu la mayiko 29 a ku Ulaya kuphatikizapo Germany, kwa masiku 90 pa masiku 180 aliwonse. Kucheza kokha, osati kugwira ntchito. UK ndi Ireland sali m'gululi, amafuna visa yawoyawo. Nyamulani pasipoti pamodzi ndi khadi ya chilolezo nthawi zonse, apolisi amakwera m'basi pamalire. Ngati khadi yatha ndipo akupatsani pepala lodikirira, Fiktionsbescheinigung, funsani kaye ku ofesi ngati lanulo likulola kutuluka ndi kubwereranso, chifukwa si onse amatero.

M'kati mwa Germany, tikiti ya pamwezi yotchedwa Deutschlandticket imakwanira mabasi, matramu ndi sitima zoima-ima, koma sitima zothamanga za ICE ayi. Inali 58 euro pamwezi mu 2025, ndipo m'mayunivesite ambiri imalowa kale mu ndalama ya semesita pamtengo wotsika. Kupita ku Prague, Amsterdam kapena Paris, basi ya FlixBus yausiku ndiye yotchipa mukagula tikiti msanga, komanso mwapulumutsa ndalama ya malo ogona. Ndege zotchipa zimakudyerani ndalama pa chikwama, werengani bwino.

Zotsalazi mudzaziona nokha. Lamlungu masitolo amatseka, gulanitu Loweruka. Mabotolo apulasitiki musataye, ambiri mukawabweza kusitolo amakupatsani masenti 25. Ufa woyera umapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa ndi ku Asia, koma mthiko nyamulani wanu.